Phazi, Machila ndi Kabaza: Mbiri ya Maulendo ku Mulanje

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'boma la Mulanje muli anthu oposa 680,000. Mwa khwimbi lonseli, amene ali ndi galimoto yawoyawo ndi ochepa zedi. Ena onse amapita kumunda, kusukulu, kuchipatala, kumsika ndi kumaliro wapansi, panjinga, pakabaza kapena pa minibasi. Zimenezi sizinayambe lero. Mbiri ya maulendo kuzungulira phiri la Mulanje ikuonetsa chinthu chimodzi mobwerezabwereza: anthu ndi katundu wa dera lino akhala akusenzedwa ndi miyendo ya anthu wamba, koma misewu yakhala ikulambulidwa poganizira wosenzedwa ndi katundu wake, wosenzayo n'kumangopatsidwa m'mphepete. Chimene chasintha m'zaka 150 zapitazi n'chakuti wosenza uja, amene poyamba ankanyamula ali m'goli, kenaka mokakamizidwa ndi msonkho, lero amanyamula mwa kufuna kwake ndipo mtengo amatchula yekha. Kusintha kumeneku n'kwakukulu, ndipo kunadza ndi njinga, galimoto isanafike n'komwe m'midzi yambiri.

Anthu oyamba kukumbukika bwino m'chigwa chozungulira phirili ndi Amang'anja, nthambi ya Amaravi, ngakhale akuluakulu amasimbanso za anthu aafupi amene anapezeka kale kumeneko, omwe mizimu yawo amati idakali kuphiri. Midzi ya Amang'anja inali m'mphepete mwa mitsinje monga Ruo, Likhubula, Lichenya ndi Thuchila, ndipo inkalumikizana ndi tinjira tongokwana munthu mmodzi. Njira inkabadwa chifukwa mapazi apondapo kawirikawiri, n'kufa yokha anthu akasiya kuyendamo. Inkakhota polambalala chulu, dambo kapena manda, n'kukatsikira padooko pamene madzi amalekeza m'mawondo. M'tinjira timeneti munkadutsa mchere ndi nsomba zouma za ku nyanja ya Chilwa, makasu a amisiri osula, ndi nsalu za thonje lolimidwa kumudzi konko. Zonsezi zinkayenda pamutu, pankata ya udzu kapena ya masamba a nthochi. Kutalika kwa ulendo ankakuyeza ndi masiku ogona panjira, ndipo mlendo wofika dzuwa litalowa ankayaliridwa mphasa n'kupatsidwa nsima, pakuti mwininyumba ankadziwa kuti mawa wapaulendo adzakhala iyeyo.

Tinjira tomweti ndi timene tinadzabweretsa tsoka. David Livingstone analiona phiri la Mulanje mu 1859, ndipo m'zaka zotsatira Ayao ochokera kum'mawa kwa nyanja ya Malawi anayamba kukhazikika m'mbali mwa phirili. Ena mwa mafumu awo, monga Matipwiri ndi Mkanda, analemera ndi malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo. Mpata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Mchese unasanduka chipata cha maulendo opita ku Quelimane, kugombe la nyanja ya mchere. Kapolo ankayenda khosi lili m'goli, mnyanga uli paphewa, iyenso ali katundu wokagulitsidwa kumapeto kwa ulendowo. Kuyenda kunasanduka chinthu choopsa, mabanja anathawira m'mapanga ndi m'matherezi a phiri, minda ya m'chigwa n'kumera tchire. Angerezi atalengeza mu 1891 kuti dzikoli lili m'manja mwawo, Harry Johnston anamangitsa malinga awiri mu 1893, Fort Lister pampata paja ndi Fort Anderson kummwera kwa phiri, n'kuikamo asilikali ochokera ku India. Matipwiri anagonjetsedwa mu 1895. Likulu la boma la Mulanje linaphuka kuchokera ku Fort Anderson, choncho chiyambi cha tauniyi ndi nkhondo yolimbirana njira.

Goli linachoka, koma mtolo unatsala. Henry Brown anadzala tiyi ku Thornwood mu 1891, John Moir anali ndi munda wa Lauderdale, ndipo khofi atakanika, tiyi anafalikira m'munsi monse mwa phiri kumene mvula imagwa yambiri. Minda imeneyi inkafuna makina, malata ndi nsalu zolipirira antchito, pamene zokolola zake zinkayenera kukafika padooko la sitima zapamadzi ku Chiromo, pomwe Ruo amathira mu Shire. Ziweto zokoka ngolo sizinkachedwa kufa ndi matenda, motero ntchito yonse inagwera amtengatenga. Munthu mmodzi ankasenza katundu wolemera pafupifupi makilogalamu 25 kwa masiku angapo, kugona panja, kudya kamba amene wanyamula yekha. Sankapita chifukwa chokonda ntchitoyo. Boma linaika msonkho wa nyumba wolipira ndi ndalama, ndipo munthu wakumudzi analibe kwina kopeza ndalamayo. Mzungu mwiniwake ankayenda pa machila, nsalu yolimba yomangirira ku nsungwi yaitali, pamwamba kadenga kotchinga dzuwa. Amuna awiri ankathamanga nayo, wina kutsogolo wina kumbuyo, anzawo khumi kapena kuposerapo akuthamanga pambali kudikira kulandira nsungwiyo paphewa ulendo usanaime. Nyimbo imene ankaimba inali yothandiza kuti mapazi agwere pamodzi, wogona m'nsalumo asagwedezeke. Amishoni a Church of Scotland ku Blantyre anadandaula poyera kuti umtengatenga ukupha anthu m'njira ndi kusiya minda yopanda olima, ndipo madandaulo amenewa anali mwa zifukwa zimene zinaperekedwa pofuna njanji.

Pa nthawi yomweyo kunachitika ulendo wapansi waukulu kuposa wina uliwonse m'mbiri ya bomali. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Alomwe anayamba kuwoloka Ruo ndi Muloza pothawa nkhanza za Apwitikizi, ntchito yokakamiza, zikoti ndi misonkho, nthawi zina njala. Ankabwera banja ndi banja, ana kumsana, miphika ndi mbewu pamutu, kwa zaka pafupifupi makumi asanu. Kalembera wa atsamunda anawerenga Alomwe oposa 120,000 mu 1921, ndipo pofika 1945 anali pafupifupi 380,000 m'dziko lonse, ambiri a iwo ali ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu. Malo okhala ankawapeza m'minda ya azungu posinthana ndi thangata. Tiyi wa ku Mulanje anakula ndi manja a anthu amenewa, ndipo mibadwo yawo ndiyo yachuluka m'bomali lero. Mfundo yofunika kuigwira pano ndi yakuti malire a pa Muloza sanalekanitse mabanja. Njira zimene makolo anadzera pothawa zinakhalabe zamoyo, anthu akumapita kutsidya kukaona abale, kukalira maliro, kukalima ndi kukasuma chakudya, monga anachitira ambiri pa njala ya mu 1949.

Njanji inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje. Sinadzere ku Mulanje Boma. Siteshoni yapafupi inali Luchenza, ndipo msewu wopita kumeneko unasamalidwa chifukwa ndi umene mabokosi a tiyi ankadutsamo, poyamba pa ngolo, pambuyo pake pa malole. Njira zochokera m'midzi kupita kumsika kapena kuchipatala zinatsala monga zinalili. Ngakhale umtengatenga sunathe ndi njanjiyo. Nkhondo ya 1914 itabuka, amuna pafupifupi 200,000 a m'dziko muno anatengedwa kukasenza chakudya ndi zipolopolo za asilikali omenyana ndi Ajeremani, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. John Chilembwe anatsutsa kutengera Aafirika ku nkhondo imeneyi, ndipo iye mwini anawomberedwa pa 3 Febuluwale 1915 m'dera la Mulanje wa nthawiyo, akuyenda wapansi kulunjika malire a Mozambique.

Njinga zoyamba zinali za amishoni ndi azungu a boma. Pakati pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu zinayamba kufika m'manja mwa aphunzitsi, alaliki, alembi ndi akapitawo a m'minda ya tiyi, kenaka kwa amuna obwerako ku Halale ndi ku Joni. Munthu wobwera ku migodi ankatsika ndi bokosi la zovala, mwina makina osokera, koma chimene mudzi wonse unkathamangira kukaona chinali Raleigh kapena Humber yonyezimira, belu lake likumveka asanatulukire. Ena amaiona nkhani imeneyi ngati ya kunyada chabe, koma phindu lake linali loposa pamenepo. Kwa nthawi yoyamba munthu wamba anakhala ndi chinthu chake chimene chimafupikitsa mtunda popanda kupempha chilolezo kwa bwana, popanda kudikira nthawi ya sitima, popanda kusenzetsa mnzake. Ulendo wa tsiku lathunthu unasanduka wa maola awiri kapena atatu. Katundu amene ankafuna amuna atatu ankakwana pakaliyala imodzi. Wogulitsa nsomba za ku Chilwa anatha kufika nazo m'misika ya m'minda ya tiyi tsiku la malipiro, mphunzitsi anatha kuyendera masukulu angapo, ndipo pofika zaka za m'ma 1950 uthenga wa ndale wa chipani cha Congress unkayenda m'midzi pa matayala awiri omwewa. Tisabise kuti ufulu umenewu unafikira amuna okha poyamba. Mayi anapitiriza kusenza nkhuni, madzi ndi chimanga cha kuchigayo pamutu, ndipo kufikira lero mtolo waukulu wa pakhomo udakali pakhosi pake.

Basi inabwera nkhondo yachiwiri itatha, ndi kampani ya Nyasaland Transport Company, imene pambuyo pake inadziwika kuti United Transport Malawi, kapena UTM. M'nthawi ya Dr. Kamuzu Banda kampaniyi inali pafupifupi yokha pamsewu. Mabasi ake anali ochepa ndi oyenda pang'onopang'ono, odzaza madengu, nkhuku ndi njinga padenga, koma anali ndi nthawi yodziwika ndi mtengo wodziwika, ndipo ankafika ngakhale m'misewu yafumbi imene inalibe phindu lalikulu. Kampani ya Stagecoach ya ku Scotland inagula UTM mu 1989 n'kuisiya mu 1997. Shire Bus Lines imene inalowa m'malo mwake inali itatha pofika 2008. Mpata umenewo unadzazidwa ndi maminibasi ndi matola. Pa msewu wa phula zinthu zinapepuka ndithu. Wochokera ku Limbe ali ndi njira ziwiri, ya ku Thyolo ndi Luchenza kapena ya Midima yodzera pa Nkando, imene itakonzedwa inapatsidwa dzina la Robert Mugabe mu 2006, ndipo sadikira nthawi yaitali asanapeze chokwera chopita ku Chitakale, ku Boma, ku Limbuli mpaka ku Muloza. Koma minibasi imanyamuka ikadzaza, mtengo umakwera mvula ikagwa kapena dzuwa likapendeka, ndipo siipatuka kuchoka paphula. Wokhala makilomita khumi kuchokera pamsewu anatsala opanda chokwera chilichonse.

Amene anatseka mpata wotsalawo ndi anyamata a njinga, ndipo ku Mulanje nkhani yawo yalukana ndi ya malire. Mu 1986 nkhondo ya ku Mozambique inafika pa Milange, ndipo anthu miyandamiyanda anawolokanso Muloza wapansi, m'njira zomwe agogo awo anadzera. Dziko la Malawi linasunga othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi kufikira mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992. Anthuwo atabwerera kwawo n'kuyambanso kulima nthaka yachonde ya kutsidyako, chimanga chinayamba kutsikira ku Malawi, kumene malo olima ndi ochepa chifukwa dera lalikulu la nthaka yabwino lili pansi pa tiyi. Chimangacho chinkawoloka panjinga. Malole ankaima mbali zonse ziwiri za malire, ndipo pakati pake ankayenda ndi anyamata okankha njinga zomangidwa matumba atatu kapena anayi a makilogalamu 50, limodzi lolowetsedwa m'kati mwa felemu, ena pakaliyala yowotcherera ndi zitsulo zowonjezera. Potsetsereka ankakwera, pachitunda ankakankha chifuwa chili pahandulo. Owerengera malonda a m'malire, amene anayamba kalembera wawo mu 2004, anapeza kuti pa Muloza ndi pamene panali chipata chachikulu cholowera chimanga chotere m'dziko muno. M'zaka za njala monga 2002 ndi 2005, mabanja ambiri a m'chigawo cha kummwera anadya nsima imene inalowa m'dziko pa sipoko za njinga.

Njinga imene yatha kunyamula matumba anayi singalephere munthu. Kaliyala inaikidwa katsamiro, timapondero n'kuwotcheredwa m'mbali mwa tayala lakumbuyo, ndipo kabaza anakhazikika pa masiteji onse, pa Chitakale, pamsika wa Boma, pazipata za zipatala, pamphambano iliyonse imene minibasi imatsitsa anthu. Kuzungulira iye kunamera ntchito zina: womata machubu pansi pa mtengo wa mango ali ndi beseni la madzi loonera pobooka, wowongola malimu, wowotcherera, wogulitsa matcheni ndi mabuleki. Midzi ina inapeza njinga zokoka kabedi zotengera odwala ndi amayi oyembekezera kuchipatala. Kuphiri nakonso phazi silinasiye ntchito. Kwa zaka zambiri amuna ankatsika ndi matabwa a mkungudza pamutu m'njira zoterera zochokera pamwamba, ntchito yowawa imenenso inathandiza kutha kwa mtengowo, ndipo lero anyamata a ku Likhubula amanyamula zikwama za alendo okwera ku Chambe, Lichenya ndi Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002. Mpikisano wa Porters Race, umene umachitika chaka ndi chaka pa mtunda woposa makilomita 20 kukwera ndi kutsika phirili, unayamba ngati wa onyamula katundu amenewa. Zidzukulu za amtengatenga zikuthamanga dzina lawo likulengezedwa, ndipo ntchito yonyamula amachita kukambirana mtengo.

Wina anganene kuti kulemba motere n'kukometsa umphawi. Anthu a ku Mulanje sayenda pansi chifukwa chokonda, wakabaza aliyense atapatsidwa galimoto angailandire ndi manja awiri, ndipo dera la mvula yambiri ndi zitunda ngati lino si malo oti munthu azinyadira kupalasa. Mawu amenewa ali ndi choonadi chake, ndipo palibe chokoma mwa mayi wodwala amene akuyenda makilomita ambiri m'chiperoni. Koma kuvomereza kuti kuyenda pansi n'kowawa sikutifikitsa pa mfundo yakuti mankhwala ake ndi galimoto ya aliyense. Malawi sapanga galimoto, sakumba mafuta, ndipo ndalama zakunja zogulira zonsezi zimasowa chaka ndi chaka. Ngakhale chuma chitakwera motani, ana amene ali pasukulu lero ku Mulanje ambiri adzakalamba asanagule galimoto. Ndondomeko imene imawauza kuti adikire tsikulo ikuwamana thandizo limene likanatheka chaka chino. Ndiponso mayiko olemera sakuyenda njira imene ife tikuiyesa chitukuko. Dziko la Netherlands, litaona kuchuluka kwa ana ophedwa pamsewu ndi kusowa kwa mafuta kwa mu 1973, linayamba kumanga njira zapadera za njinga, ndipo lero nduna ndi mphunzitsi amapalasa limodzi popita kuntchito. Iwo anachita kubwerera ku chinthu chimene Mulanje sanachisiyepo.

Dandaulo lachiwiri ndi lolemera kwambiri, ndipo ndi la ngozi. M'zaka za m'ma 2010 njinga zamoto zotchipa, zambiri zolowera ku Mozambique, zinadzaza masiteji n'kulanda makasitomala a njinga zakapalasa pa maulendo ataliatali. Oyendetsa ambiri anaphunzira pabwalo la mpira masiku ochepa, alibe ziphaso, alibe zipewa zodzitetezera, ndipo amakweza anthu awiri kapena atatu. Madokotala a mafupa m'zipatala zikuluzikulu za dziko lino akhala akudandaula za kuchuluka kwa othyoka miyendo ndi ovulala m'mutu. Izi n'zoona, ndipo wokonda kabaza sayenera kuzichepetsa. Maphunziro otsika mtengo, kalembera wosavuta ndi chipewa cha wokwera aliyense ndi zinthu zoyenera kukakamiza. Komabe kuthamangitsa akabaza m'matauni, monga makhonsolo a mizinda ina ayeserapo, sikuchotsa chifukwa chimene anthu amawakwerera. Tiyeneranso kuona kumene imfa zambiri zikuchokera. Oposa theka la anthu amene amafa pa misewu ya Malawi ndi oyenda pansi ndi apanjinga, ndipo chimawapha kawirikawiri ndi galimoto yothamanga pa msewu umene sunawapatse malo. Pa msewu wa ku Muloza tsiku la msika, lole, minibasi, njinga ya makala, mayi wa dengu la nanazi ndi ana asukulu onse amalimbirana phula limodzi, m'mphepete mwake mutadyeka ndi madzi. Amene amakankhidwira m'ngalande ndi yemwe uja ankathamanga pambali pa machila.

Zaka zaposachedwapa zaonetsa poyera chimene chimagwira bomali zinthu zikathina. Pa kusowa kwa mafuta kwa mu 2011 ndi 2012, ndiponso kuyambira 2022, galimoto zinagona pa mizere m'malo omwetsera mafuta, mitengo ya minibasi ndi njinga zamoto inakwera, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, koma wakabaza wopalasa anapitiriza kufikitsa odwala kuchipatala ndi tomato kumsika. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera kuphiri, monga anachitira Napolo ku Phalombe mu 1991, n'kukokolola milatho ndi kudula misewu ku Mulanje ndi Phalombe. Kwa masiku ambiri madera ena sankafikika ndi galimoto iliyonse. Ovulala ananyamulidwa pa machira opangidwa ndi mitengo ndi zitenje, ufa ndi mankhwala zinawoloka mitsinje pamutu, ndipo njinga zinasenzedwa paphewa kuti zikapitirize ulendo kutsidya.

Pomanganso zimene zinawonongeka, ndalama zambiri zimapita ku milatho ikuluikulu ya misewu ya malole, ndipo n'zomveka, pakuti tiyi ayenera kutuluka, feteleza ayenera kulowa. Koma khonsolo ya boma ndi a Roads Authority ali ndi ntchito ina yotsika mtengo imene ingakhudze anthu ochuluka kuposa pamenepo: kukuza ndi kulimbitsa m'mphepete mwa phula kuyambira pa Chitakale kudutsa pa Boma, kuika zitunda zochepetsa liwiro pa masukulu ndi m'misika, kumanga tizisakasa pa masiteji a kabaza ndi minibasi m'dera limene mvula imagwa miyezi yambiri, ndi kuthira miyala m'njira za m'midzi zimene zimasanduka phala m'dzinja. Koposa zonse pakufunika timilatho ta oyenda pansi ndi njinga pa mitsinje ing'onoing'ono yotsika kuphiri, imene imadzaza m'kanthawi kochepa mvula ikagwa pamwamba. Mtengo wa kamlatho kotere ndi kachigawo chabe ka mtengo wa kilomita imodzi ya phula, ndipo m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ndi kamene kamagamula ngati mwana wa kutsidya apite kusukulu, ndiponso ngati mayi amene matenda amuyamba usiku akafike kuchipatala.